Kwa Chembe: gombe ndi limodzi, olifuna ndi ambiri

Msewu wopita kwa Chembe umapatukira kumanzere munthu akatsala pang'ono kulowa pa Monkey Bay kuchokera ku Mangochi. Kuchoka pamphambanopo ndi mtunda wa makilomita pafupifupi 18, wokhotakhota pakati pa mapiri a miyala ikuluikulu, ndipo anyani a kumeneko anazolowera galimoto kotero kuti amapatuka mwaulesi. Chapanjira pali Mwala wa Mphini, thanthwe lokhala ndi mizere yofanana ndi mphini zimene makolo ankatema pakhungu. Munthu akangotsika chitunda chomaliza amalowa m'chigwa cha milambe ndi minda ya chimanga, ndipo kutsogolo kwake kumaoneka nyanja, chilumba cha Thumbi chili patsogolo, cha Domwe chili kudzanja lamanja.

Mabuku a alendo amatcha malowa Cape Maclear, dzina limene David Livingstone anapereka polemekeza bwenzi lake Thomas Maclear, katswiri wa nyenyezi yemwe ankagwira ntchito ku Cape Town. Eni nthaka amangoti kwa Chembe. Ndi mudzi wa asodzi wa anthu oposa 10,000 m'dera la Mfumu Yaikulu Nankumba, ndipo ndi amodzi mwa malo amene alendo obwera m'Malawi amakonda kufikako. Chuma chonse cha mudziwu, cha msodzi ndi cha mwini malo ogona alendo yemwe, chagona pa mchenga wotalika makilomita ochepa chabe. Funso loti ndani ayenera kukonza kagwiritsidwe ntchito ka mchenga umenewu silikhudza anthu a kwa Chembe okha. Likufunsidwanso ku Nkhata Bay, ku Metangula m'dziko la Mozambique, ku Siavonga ndi ku Binga m'mphepete mwa nyanja ya Kariba, ndi kulikonse kumene mudzi wakale wapezeka kuti uli pamalo okopa alendo.

Mlendo ndi mame

Anthu akunja sanayambe lero kukopeka ndi gombe limeneli. Mu Okutobala 1875 amishoni a ku Scotland, motsogozedwa ndi Edward Young pamodzi ndi Dr Robert Laws, anakocheza pano sitima yawo ya Ilala nakhazikitsa mishoni yoyamba ya Livingstonia. Malowa anawakonda chifukwa cha doko lake labata, koma malungo anawasautsa, ena mwa iwo anamwalira, ndipo mu 1881 anasamukira ku Bandawe. Manda awo alipobe kumapeto kwa mudzi, m'tsinde mwa phiri.

Mu 1949 kunabwera alendo a mtundu wina. Ndege zotera pamadzi za kampani ya BOAC, zoyenda pakati pa Britain ndi South Africa, zinayamba kuima pano, ndipo okwera ake ankagona pa hotela yomwe inali pagombe. Mu 1950 kampaniyo inasiya kugwiritsa ntchito ndege zoterozo, ndipo posapita nthawi hotelayo inatsekedwa. Patadutsa zaka zambiri kunayamba kufika achinyamata onyamula zikwama kumsana, ndipo malo ogona alendo anachuluka. Mu 2020 mliri wa Covid-19 unatseka malire a mayiko, zipinda zinakhala zopanda munthu, ndipo ophika, alonda, oyendetsa maboti ndi osema ziboliboli ambiri anasowa pogwira.

Akale anati mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Chimene chimamubweretsa mlendo ndi chimene chimamuchotsa chimagamulidwa kutali: mtengo wa ndege, mliri, kapena mbiri yoipa imene wamva ali kwawo. Mudzi sungalamule zimenezo. Chimene ungathe ndi kuonetsetsa kuti pamene mlendo alipo ndalama yake ifike m'manja ambiri, ndipo akachoka gombe, nsomba ndi madzi abwino zikhale zilipobe. Akatswiri akamanena za ntchito zokopa alendo zokhazikika, mutu wa nkhani yawo ndi umenewu.

Paki yotetezera nsomba

Mu 1980 boma linakhazikitsa paki ya Lake Malawi National Park, ndipo mu 1984 bungwe la UNESCO linaiika pa mndandanda wa malo amene ndi chuma cha dziko lonse lapansi. Kukula kwake ndi masikweya kilomita 94, kuphatikizapo mapiri, zilumba 13 ndi madzi ofika mamita 100 kuchokera m'mphepete mwa malo otetezedwawo. Chimene chinkatetezedwa makamaka ndi tinsomba ta m'miyala totchedwa mbuna. Nyanja ya Malawi ili ndi mitundu ya nsomba yochuluka kuposa nyanja ina iliyonse ya madzi opanda mchere, ndipo yambiri mwa mitunduyi sipezeka kwina kulikonse. Mbuna zokha zilipo mitundu mazanamazana, zabuluu, zachikasu ndi zamizeremizere, ndipo popeza sizikonda kuwoloka mchenga kapena madzi akuya, mtundu wina umapezeka pachilumba chimodzi chokha. Mlendo amene amalipira boti kupita ku Thumbi amapita kukaona tinsomba timeneti ndi nkhwazi zimene zimatsika kudzatola nsomba zoponyedwa pamadzi.

Pokhazikitsa pakiyi, midzi 5 inasiyidwa pamalo ake: Chembe, Msaka, Mvunguti, Zambo ndi Chidzale. Midziyi yazunguliridwa ndi paki koma si gawo la paki, ndipo apa ndi pamene pagona vuto la kayendetsedwe ka malowa. Phiri ndi zilumba zili m'manja mwa nthambi yoona za nyama zakutchire. Nsomba za kunja kwa malire a paki zimayang'aniridwa ndi nthambi ya zausodzi. Malo a m'mudzi akhala akugawidwa ndi mafumu. Ziphaso za malo ogona alendo zimachokera ku boma lalikulu, pamene msika, ukhondo, zinyalala ndi misewu ya m'midzi ndi udindo wa khonsolo ya Mangochi. Ofesi iliyonse ili ndi lamulo lake ndi mabuku ake, koma mayi wotunga madzi pagombe amakumana ndi zotsatira za onsewa pamalo amodzi.

Tsiku limodzi pagombe

M'bandakucha mabwato ndi maboti amene anagona panyanja akuwedza usipa ndi nyali amafika pagombe, ndipo ogula amawachingamira ndi mabeseni. Dzuwa likakwera usipa umayanikidwa pamathandala, amuna amakhala pamthunzi kusoka maukonde, amayi amachapa ndi kutsuka mbale, ana amasambira. Pamtunda wa mapazi ochepa kuchokera pamenepo alendo agona pamipando, ena akupalasa timabwato topita ku Domwe. Munthu woyenda kuchokera kumapeto kwa gombe kufika kumapeto ena amadutsa pakati pa ntchito ziwirizi kambirimbiri.

Phindu la alendo ndi looneka. Pali anyamata amene anaphunzira kuyendetsa alendo pamadzi ndipo akuphunzitsa abale awo ndi ndalama imeneyo. Pali atelala, osema, ophika ndi ogulitsa zipatso. Mlimi wa tomato, anyezi, mazira kapena nkhuku ali ndi msika pafupi umene midzi ina yakutali ndi nyanja ilibe. Mabungwe ena othandiza pa zaumoyo ndi maphunziro anafika m'mudzimu kudzera mwa anthu amene poyamba anabwera ngati alendo.

Koma mtengo wake ndi woonekanso. Malo a m'mphepete mwa madzi akakwera mtengo, banja losauka limakopeka kugulitsa, ndipo ndalama ikatha malowo sabwerera. Mpanda ukamangidwa mpaka kumadzi, njira yopita kukatunga imatalika ndipo poyanika ukonde pamachepa. Mabotolo ndi mapepala apulasitiki amachuluka kuposa mmene maenje a m'mudzi angamezere. Nkhuni zophikira ndi zowambira nsomba zimachokera m'mapiri a paki omwewo amene mlendo amabwera kudzaona atavala mitengo. Ana ena amaona kuti kutsatira mlendo pagombe kumabweretsa ndalama msanga kuposa kukhala m'kalasi. Palibe mwini hotela mmodzi, msodzi mmodzi kapena nyakwawa imodzi imene ingathetse zimenezi payokha, chifukwa aliyense akadziletsa yekha mnzake amapitiriza.

Nkhono, chimbudzi ndi ukonde

Nkhani ya likodzo ikusonyeza bwino mmene zinthuzi zalumikizirana. Tizilombo ta likodzo timalowa m'madzi kudzera mu mkodzo wa munthu wodwala, timakulira mu nkhono, kenako timatuluka n'kulowa pakhungu la wosamba kapena wochapa. Kale anthu ankakhulupirira kuti magombe a mchenga opanda bango ndi osaopsa. Koma akatswiri ena, kuphatikizapo Jay Stauffer ndi Henry Madsen, atafufuza kwa zaka zambiri m'madzi a kwa Chembe, anapeza kuti pamene nsomba zodya nkhono zachepa chifukwa cha kukoka makoka pafupi ndi gombe, nkhono zofalitsa likodzo zimachuluka pamchenga womwewo. Motero ukonde wa maso ang'onoang'ono, chimbudzi chosowa pagombe, mwana wokodza magazi ndi mlendo amene wamva mbiriyo n'kusintha ulendo wake, zonsezi ndi nkhani imodzi.

Chimodzimodzinso kolera. Mliri umene unayamba mu Malichi 2022 n'kupitirira mpaka 2023 unapha anthu oposa 1,700 m'dziko la Malawi, ndipo Mangochi linali limodzi mwa maboma amene anakhudzidwa kwambiri. Pamadoko a asodzi pamasonkhana anthu ambiri ochokera kutali, ndipo mchenga suchedwa kugumula chimbudzi chokumbidwa mwachisawawa. Chimbudzi cholimba cha anthu onse padoko, chokhala ndi wochisamalira, chimateteza mwana wa m'mudzi ndi malonda a alendo nthawi imodzi. Ntchito yotere ndi ya khonsolo.

Pamene nyanja inabwerera pamalo pake

Mu 2024 madzi a nyanja ya Malawi anakwera kwambiri kuposa mmene anakwerera kwa zaka zambiri. M'maboma a m'mphepete mwa nyanja monga Mangochi, Salima ndi Nkhata Bay mchenga unamira, madzi analowa m'nyumba, m'minda ndi m'zipinda za alendo. Ena anapempha kuti zitseko za pa Kamuzu Barrage ku Liwonde zitsegulidwe kwambiri kuti madzi aphwe msanga. Koma madzi otuluka pa Liwonde amatsika ndi mtsinje wa Shire, kudutsa pamakina opangira magetsi, kufika ku Chikwawa ndi ku Nsanje kumene anthu amavutika kale ndi kusefukira kwa madzi, kenako n'kukalowa mu Zambezi m'dziko la Mozambique. Kupulumutsa gombe la kumtunda mopanda nzeru kukanamiza minda ya kumunsi.

Bungwe loyang'anira madzi m'dziko linakumbutsa anthu nthawi imeneyo kuti malamulo saloleza kumanga m'munsi mwa mzere wa mamita 477 kuchokera pa mlingo wa nyanja yamchere. Nyanja inafikapo cha pamenepo mu 1980, ndipo okalamba a m'mphepete mwake amakumbukira pamene madzi analekezera. Lamulo linalipo ndipo chikumbumtima cha anthu chinalipo. Chimene chinasowa m'malo ambiri ndi munthu wokhoma zikhomo pamzerewo ndi wokana pulani ya nyumba maziko asanakumbidwe.

Khonsolo ili kuti?

Pamapepala mphamvu zilipo. Mu 1998 dziko la Malawi linavomereza ndondomeko ya mphamvu ku anthu pamodzi ndi lamulo la maboma aang'ono, limene linapatsa makhonsolo udindo wokonza chitukuko cha maboma awo, kutolera ndalama zina ndi kupanga malamulo aang'ono a m'dera lawo. Malamulo a malo a mu 2016 anawonjezera kuti dziko lonse, midzi yomwe, liyenera kutsata mapulani a kagwiritsidwe ntchito ka malo, ndiponso kuti pakhale makomiti a malo a m'midzi ogwira ntchito ndi mafumu. Lamulo la zausodzi la 1997 linatsegula njira yoti asodzi, kudzera m'makomiti a pagombe a BVC, azitenga nawo mbali poteteza nsomba.

Zochitika zake zakhala zotsalira. Makhansala amene anasankhidwa mu 2000 anamaliza nthawi yawo mu 2005, ndipo dziko linakhala zaka 9 lopanda makhansala mpaka chisankho cha 2014. Zaka zimenezo malo ambiri a m'mphepete mwa nyanja anasintha manja popanda nthumwi yosankhidwa yofunsa mafunso. Ngakhale makhansala anabwerera, ndalama zimene makhonsolo a kumidzi amatolera okha ndi zochepa, ndipo ambiri amadalira thandizo lochokera ku likulu, limene nthawi zina limafika mochedwa. Boma la Mangochi ndi lalikulu, la anthu oposa 1 miliyoni, ndipo mlangizi wa zamalo kapena wa zaumoyo wopanda mafuta a njinga yamoto sangafike kwa Chembe kawirikawiri. Misonkho yambiri imene mlendo amalipira imapita ku boma lalikulu, pamene zinyalala zake zimatsala pakhomo pa khonsolo.

Pali zinthu zolimbikitsa. Gawo lina la ndalama zolowera m'paki limabwerera kumidzi yozungulira kudzera m'bungwe lawo la MASALAPA. Ku Salima, chilumba cha Mbenji chimatsekedwa kwa asodzi miyezi ingapo chaka chilichonse molamulidwa ndi Mfumu Makanjira, mwambo umene unayamba m'zaka za m'ma 1950, ndipo asodzi amaulemekeza chifukwa amaona nsomba zikachuluka potsegulira. Izi zikusonyeza kuti lamulo lopangidwa pafupi, lodziwika kwa onse ndi losakondera limamveka kuposa lochokera kutali.

Zimene anansi aphunzira

Mayiko oyandikana nawo ayesa njira zosiyanasiyana. Ku Zimbabwe, pansi pa ndondomeko ya CAMPFIRE, makhonsolo a Nyaminyami ndi Guruve anali oyamba mu 1989 kuyamba kuyendetsa okha nyama zakutchire za m'madera awo ndi kulandira ndalama za alendo osaka nyama. Malangizo ankati theka kapena kuposerapo lizipita kumidzi. Kumene izi zinatsatidwa kunamangidwa masukulu, zipatala ndi zigayo. Koma makhonsolo ena, posowa kwina kopezera ndalama, ankasunga gawo lalikulu kapena kulipereka mochedwa, ndipo anthu okhala ndi njovu m'minda mwawo anataya chikhulupiriro.

Dziko la Namibia linasankha njira ina. Lamulo la mu 1996 linalola midzi kulembetsa mabungwe awo osamalira nyama, kupangana mwachindunji ndi eni malo ogona alendo ndi kulandira ndalama m'mabuku awoawo. Mabungwe 4 oyamba analembetsedwa mu 1998, ndipo pambuyo pake anachuluka kupitirira 80. Ku Mozambique, kuyambira mu 2005, malamulo amati 20 peresenti ya ndalama zimene boma limatolera pa nkhalango ndi nyama zakutchire ibwerere kumidzi, ngakhale midzi yambiri inachedwa kulandira chifukwa chosowa makomiti olembetsedwa ndi mabuku a kubanki.

Phunziro lake ndi lakuti khonsolo yosauka ikapatsidwa thumba lonse imakopeka kudya gawo la mudzi, pamene mudzi wopatsidwa ndalama popanda khonsolo yolimba sungathe kumanga msewu, kukana pulani yoipa kapena kuweruza mkangano wa malire ndi mudzi wina. Ziwirizi zimafunana, ndipo chozigwirizanitsa ndi mabuku otseguka kwa aliyense.

Palinso zina zimene ngakhale khonsolo yolimba singathe payokha. Nyanjayi ili m'malire a Malawi, Mozambique ndi Tanzania, ndipo usipa sudziwa malire. Mu 2011 dziko la Mozambique linaika mbali yake ya nyanja pansi pa chitetezo, koma nyengo yotseka usodzi kapena kuletsa maukonde oononga kumbali imodzi kumapindula mokwanira pokhapokha mbali zina zikachitanso chimodzimodzi. Mayiko a SADC anasainirana pangano la zokopa alendo mu 1998, ndipo mu 2015 Malawi ndi Zambia anasainira pangano losamalira limodzi malo a m'malire monga Nyika. Mapangano oterewa amasainidwa ndi atsogoleri a mayiko, koma amakwaniritsidwa ndi mabwanamkubwa, makhansala ndi mafumu a mbali zonse akamakumana.

Poyambira pake

Kwa alangizi ndi atsogoleri a m'midzi yotere, ntchito imayamba ndi mapu. Anthu akhale pansi, amayi ndi asodzi asasiyidwe, ajambule gombe lawo: pokocheza mabwato, poyanika usipa, potunga madzi, manda, njira zopita kumadzi ndi pamene nyanja inalekezera mu 1980 ndi mu 2024. Mapu amenewa apite ku komiti ya chitukuko ya m'mudzi ya VDC, kenako ku ADC, kuti khonsolo iwavomereze ndi kuwasandutsa lamulo. Njira yopita kumadzi ikalembedwa m'pulani ya boma, wogula malo aliyense amaipeza ilipo kale.

Chachiwiri ndi kufunsa ndalama. Zimene paki yabweza kumidzi ndi zimene khonsolo yatolera pamsika ndi paziphaso za malonda ziyenera kumatidwa poyera, pasukulu kapena pabwalo la mfumu, pamodzi ndi ntchito imene zagwira. Khansala amene akupempha voti afunsidwe za chimbudzi cha padoko ndi dzala la zinyalala, ndipo afunsidwenso chaka chikatha.

Chachitatu ndi cha alimi. Wophika wa pahotela amafuna ndiwo zamasamba ndi mazira sabata iliyonse, mvula igwe kapena isagwe, ndipo akasowa pafupi amatumiza galimoto kutawuni. Mlimi mmodzi sangakwanitse zimenezo, koma kalabu ya alimi 20 yodzala mosinthana m'dimba ikhoza kupangana naye za mtengo ndi tsiku. Mabanja amene akuganiza zogulitsa malo a pagombe ayambe afunsa kwa alangizi a zamalo za kubwereketsa kwa zaka zowerengeka, kuti malowo adzabwerere kwa ana.

Ndondomeko ya chitukuko cha boma imalembedwa kamodzi pa zaka 5, ndipo imachokera pa zimene midzi yapereka kudzera m'makomiti ake. Msonkhano wa VDC umaoneka waung'ono, wa pansi pa mtengo, ndipo ambiri amaunyalanyaza nsomba zikamaphedwa kapena ntchito ya kumunda ikachuluka. Koma nkhani ya gombe ikapanda kutchulidwa pamenepo siilowa m'ndondomeko, ikapanda kulowa m'ndondomeko siipatsidwa ndalama, ndipo podzafika zaka zina 5 malo otsala pakati pa mipanda adzakhala atachepa kuposa lero.